Nthochi zikungozuka ndi mikoko yomwe, mizu yakuda, ndi manematodi amtundu wanji amenewa?

Mlimi_waThekerani

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo amene mukudziwa za nthochi chonde ndithandizeni bwinobwino chifukwa zandiimitsa mutu. Ndili ndi munda wa nthochi kuno ku Thyolo mbali ya Thekerani, zambiri ndi Williams ndi Kabuthu pang'ono, ndinadzala mwatsopano titazula zakale zija zinagwidwa ndi chisaka, matenda aja ounjika masamba pamwamba. Zaka zoyamba zimabereka bwino ndithu koma chaka chino mvula itangoyamba, kamphepo pang'ono basi nthochi zikungogwa, makamaka zimene zili ndi mikoko yoti yatsala pang'ono kukhwima. Osati kuthyoka pa thunthu ayi, ikuzuka yonse ndi chitsa chomwe, chitsa chili pamtunda mizu ili m'mwamba. Ukayang'ana mizuyo yambiri ndi yakuda, yaifupi, ina ukaigwira ikungosupuka khungu. Zimene sizinagwe nazonso mikoko yake yachepa kusiyana ndi kale ndipo zikuchedwa kutulutsa.

Alangizi anabwera anaona nkunena kuti ndi manematodi, tinyongolotsi ta m'mizu, koma anati tilipo mitundu ingapo nde pofunika kudziwa kuti wandilowera ndi uti. Apa mpamene pandivuta. Ine ndakumba, ndafukula dothi, ndatsuka mizu sindikuona kanyongolotsi olo kamodzi. Nde kodi munthu wamba ngati ine ndingadziwe bwanji kuti ndi manematodi zoona osati china chake, ndipo mitundu yakeyo amaisiyanitsa bwanji? Komanso kodi kudziwa dzina lake kuli ndi phindu lanji kwa mlimi, sionse amangodya mizu basi? Nthochizi ndi zimene zimalipirira ana fizi pakhomo pano nde sindikufuna kuchita zinthu mongoganizira.

Agogo_aMulanje

Pepani nazo achimwene, zimawawa zedi kuona mkoko uli pansi usanakhwime. Musanathamangire ku manematodi yambani mwadula chitsacho pakati ndi chikwanje. Mukapeza timayenje takuda tolowa mkati, pena muli kambozi koyera konenepa kamutu kofiira, ameneyo ndi nankafumbwe wa nthochi. Nayenso amagwetsa koma kawirikawiri imathyokera pachitsa pomwepo, gawo lina la chitsa nkutsala m'dothi. Ya manematodi ndi imene mukunenayo, imazuka yonse osasiya kanthu pansi poti mizu yogwira dothi inatha kale. Komatu awiriwa amakonda kupezekera munda umodzi nde mukapeza nankafumbwe musati basi nkhani yatha.

Dulaninso thunthu muone mkati. Mukaona mizere yofiirira kapena yakuda ikukwera ndi thunthu, masamba akale achita chikasu nkulendewera mozungulira, amenewo ndi matenda a Panama, a fangasi, nkhani ina imeneyo. Panama amene tinamuzolowera kuno amavutitsa kwambiri Sukari, Harare, Kholobowa ndi Zambia monga zinachitikira ku Karonga, Williams ndi Kabuthu sagwidwa wamba. Koma ulipo mtundu wina wa Panama wotchedwa TR4 unapezeka ku Nampula ku Mozambique mu 2013 umenewo ukugwira ndi Williams yemwe, nde mukaona mizere mu thunthu musazengereze auzeni alangizi tsiku lomwelo. Ngati thunthu lili loyera mkati, masamba sanaunjikane pamwamba ngati za chisaka, vuto lili ku mizu kokha, apo nde mverani a labu akubwera pansipa.

WaMaikulosikopu

Bambo a ku Thekerani musadabwe kuti simukuona kanthu, tinyongolotsi timeneti sitioneka ndi maso okha. Ambiri mwa amene amadya nthochi ndi theka la milimita kutalika kapena kupitirira pang'ono, osafika milimita imodzi, owonda kwambiri komanso thupi lawo lilibe mtundu. Nde chimene inu mungaone ndi bala limene asiya pa muzu, ndipo balalo limanena zambiri ndithu mukaliyang'ana bwino.

Chitani chonchi. Musatenge mizu ya nthochi yakugwa kale ija yakuda bii, imeneyo inafa, manematodi anatulukamo kalekale mwangotsala fangasi ndi mabakiteriya. Kumbani pafupi ndi nthochi imene idakali chiimire makamaka imene yangotulutsa kumene mkoko, tengani mizu ikuluikulu imene idakali yolimba, tsukani, dulani zidutswa za masentimita 10 nkung'amba chilichonse pakati mulitali ndi lezala kapena mpeni wakuthwa. Muzu wa nthochi uli ndi mnofu wofewa kunja ndi kachingwe kolimba pakati. Wabwinobwino umakhala woyera monse.

Mukaona mnofuwo uli ndi mabala ofiira moderako, pakati pa bala pakuda m'mbali mofiira, ndipo balalo lalowa mpaka kukagunda kachingwe kaja koma kachingweko kali koyerabe, apo muli ndi aja amaboola nkumayenda mkati mwa muzu. Alipo awiri, Radopholus similis ndi a gulu la Pratylenchus. Amalowa mu muzu, kudya maselo, kusiya mphanga, kuikira mazira momwemo nkusunthira patsogolo, pakawola amatuluka kukalowa muzu wina. Radopholus kukamatentha bwino amangotenga masiku 20 mpaka 25 kuchoka pa dzira kufika poti nayenso akuikira, nde pa dzinja limodzi mibadwo imachuluka zedi. Amalowanso mu chitsa, mukasenda pang'ono muona madontho akuda ozunguliridwa ndi kufiira pamalo pamene mizu imatulukira. Ameneyu ndi amene amadziwika kulikonse ndi kugwetsa nthochi, ndipo za mtundu wa Cavendish monga Williams ndi Kabuthu wanuyo sizilimba naye mpang'ono pomwe.

Mukaona timabala tating'onoting'ono tofiira kapena takuda tambirimbiri pamwamba pa muzu koma tosalowa kwambiri, toti mukapala ndi chikhadabo pansi pake mpoyera, ameneyo kawirikawiri ndi Helicotylenchus multicinctus. Iye amadyera m'mbali mwenimweni mwa mnofu. Anthu amamupeputsa koma akachuluka timabalato timalumikizana, timizu tating'ono tomwa madzi timatha, mkoko nkuchepa. Ndipo amapezeka pafupifupi paliponse pamene pali nthochi.

Mukaona muzu watupa malo ndi malo, makamaka timizu tating'ono ndi kunsonga, pena muzu waukulu wasweka kapena wapindika, ameneyo ndi Meloidogyne. Uyu khalidwe lake ndi lina, mwana wake amalowa mu muzu nkukhala malo amodzi osasunthanso, amapangitsa maselo ozungulira kukula kuti azimudyetsa, wamkazi nkunenepa kusanduka kabulunga koyera. Ameneyu yekha mutha kumuona ndi maso mukang'amba chotupacho pamalo powala, kadontho koyera kochepetsetsa. Palinso Rotylenchulus reniformis amene amangolowetsa mutu mu timizu tating'ono thupi lili kunja, mazira ake amakhala mu zomatamata nde dothi limakanirira pamenepo olo mutsuke, koma uyu simungamutsimikize kumunda.

Nde mwaona kuti kagawidwe koyamba ndi ka kadyedwe, oyendayenda mkati mwa muzu, okhazikika mkati, olowetsa mutu wokha, ndi ena odyera kunja. Mpeni umakufikitsani pamenepo basi. Radopholus ndi Pratylenchus mabala awo ndi ofanana kwambiri, munthu wokuuzani kuti wawasiyanitsa ndi maso okha akungoganizira. Chimene chimathandizako ndi malo. Radopholus ndi Pratylenchus coffeae amakonda kotentha, kotsika. Mukakwera kupitirira mamita pafupifupi 1,400 kumene kumazizira Radopholus amachepa, amene amalamulira ndi Pratylenchus goodeyi, nde mmene zilili m'mapiri a ku Uganda, Rwanda, Kenya, Tanzania ndi Cameroon. Koma Thyolo ili ndi malo okwera ndi otsika omwe nde musadalire zimenezi zokha.

Ndiwonjezere kuti Radopholus si wa kuno ku Africa. Anayamba kumulemba ndi wasayansi Nathan Cobb mu 1893 atamupeza mu mizu ya nthochi ku Fiji, ndipo anafalikira maiko onse otentha atabisala mu zitsa za ana a nthochi zimene anthu ankanyamula ngati mbewu. Payekha m'dothi amayenda pang'ono kwambiri. Nde dzifunseni kuti mbewu yanu yatsopano ija munaitenga kuti, ndipo munadzala pamalo pomwe panali nthochi zakale kapena ayi.

Mlimi_waThekerani

Zikomo kwambiri agogo ndi inu a labu, ndachita mmene mwanenera. Chitsa chilibe mayenje ambiri, ndapezamo ochepa chabe, thunthu ndi loyera mkati. Koma mizu ya nthochi zoimazo nditang'amba eee ndi zomwe mwalembazo, kufiira kolowa mpaka pa kachingwe, kachingwe koyera. Pachitsa madontho akuda aja aliponso. Chinanso, kumunsi kwa munda kumene mayi akunyumba amadzalako tomato ndi therere pakati pa nthochi ndapeza timizu totupa, kumtunda kulibe. Nde zikuoneka kuti ndili ndi mitundu iwiri eti?

Za mbewu, ina ndinalandira ya m'machubu, ija amachulukitsira ku labu, koma inali yochepa nde ndinawonjezera ndi ana ochokera kwa achibale, ndinangodzala ndi mizu yake ndi dothi lomwe. Malo ndi omwe aja panali nthochi kale. Tsono a labu ndiuzeni, ndikafuna kuti akandiyezere ndinyamule chani ndipo ndinyamule bwanji? Ndipo kumeneko amaona chani kwenikweni kuti anene kuti uyu ndi wakuti?

Wafodya_Kasungu

Man zotupazo ife a fodya timazidziwa bwino, ndi mdani wathu wakalekale ameneyo kuyambira ku nazale. Tomato, therere, mabiringano, fodya, zonsezo ndi chakudya chake cha Meloidogyne nde mayiwo akamadzala pakati pa nthochi chaka ndi chaka ndekuti mukumuweta. Sindikunena kuti asiye dimba ayi koma alisunthe lichoke mu nthochi. Amakondanso dothi lamchenga kuposa lamakande, onani ngati kumunsiko dothi lake ndi lotero.

Chenjezo limodzi, musasokoneze ndi timaphundu ta pa mizu ya nyemba, mtedza kapena soya. Timene tija ndi tabwino, timathira chonde, timakhala tomata pambali pa muzu toti ukakanda timathothoka ndipo mkati mwake ndi mofiirira. Cha nematodi ndi muzu weniweniwo umene watupa, umakhala ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, sungachotse chotupacho osadula muzu.

Ku fodya timathana naye ndi kasinthasintha, munda umagona ndi udzu wa Katambora Rhodes zaka zingapo asanabwerere fodya chifukwa mu udzu umenewo sachulukana. Apa mpamene funso lanu lija loti dzina lili ndi phindu lanji likuyankhidwa, chifukwa mbewu imene imapha ndi njala nematodi uyu itha kukhala chakudya cha winayo. Mukasinthira mbewu mwachimbulimbuli mutha kungomunenepetsa. Ine ndikuona kuti amene akukugwetserani nthochi si wa zotupayu ayi, ndi wa mabala ofiirayo, uyu akungowonjezera.

WaMaikulosikopu

A Kasungu anena zoona. Ndipo bambo musadabwe ndi mitundu iwiri, mu sampulo imodzi ya mizu ya nthochi kupeza mitundu itatu kapena inayi ndi zachizolowezi, nkhani imagona poti wochuluka ndi uti.

Kanyamulidwe ndi kofunika kwambiri chifukwa sampulo zambiri zimaonongekera panjira. Sankhani nthochi zisanu mpaka khumi zimene zangotulutsa kumene, pa iliyonse kumbani kadzenje ka masentimita 20 mulitali, 20 mulifupi, 20 kuya, pafupi ndi chitsa. Tolani mizu yonse ya m'kadzenjemo, yabwino ndi yamabala yomwe, ndi dothi pang'ono. Za kumtunda jumbo yake, za kumunsi kwa tomato kuja jumbo yake, musasakanize. Musatsuke, musathire madzi, ingomangani jumbo nkulemba ndi pensulo pa kapepala malo, mtundu wa nthochi, tsiku, ndi mbewu zina zimene zili m'mundamo. Ikani pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi injini mu minibasi, akatenthedwa amafa ndipo njira imene timagwiritsa ntchito kwambiri imafuna amoyo. Fikitsani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Muli ndi mwayi poti siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe ili m'boma lanu lomwelo ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya zipatso ndi ndiwo zamasamba, apempheni alangizi anu akulumikizeni nawo musananyamuke. Ku Bunda ku LUANAR nakonso amaphunzitsa za matenda a mbewu.

Ku labu mizu timatsuka, kuiduladula tizidutswa, kuyeza kulemera, pena kuipera pang'ono mu bulenda. Kenako timayala tishu pa sefa, mizu pamwamba, sefayo nkuikhazika m'mbale ya madzi oti angokhudza mizu. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri manematodi amoyo amakhala atatuluka, adutsa tishu, agwera m'madzi. Njira imeneyi inachokera pa ya katswiri wina dzina lake Baermann ya mu 1917 ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito. Madziwo nde timaika pa maikulosikopu.

Choyamba kuyang'ana ndi kukamwa. M'dothi muli manematodi ambirimbiri osalakwa amene amadya mabakiteriya ndi zowola, amenewo ndi othandiza. Wodya mbewu amakhala ndi kasingano kukamwa kokhala ndi timfundo titatu kutsinde kwake, nkamene amaboolera maselo. Nde munthu akakuonetsani tinyongolotsi tikuphiriphitha m'madzi sikuti basi umboni wakwana, funsani ngati tili ndi kasingano.

Kenako timawapha ndi kutentha pang'ono nkuona mmene thupi lagonera. Radopholus ndi Pratylenchus amagona mowongoka kapena kupindika pang'ono chabe. A gulu la Helicotylenchus amapinda, ambiri amadzikulunga ndithu koma multicinctus wa nthochiyu amangopanga chilembo cha C. Mwana wa Meloidogyne ndi wowonda, wamfupi, wa mchira wosongoka.

Pa awiri ovuta aja, Radopholus ndi Pratylenchus, timayang'ana wamkazi. Wa Radopholus potulukira mazira pali chapakati pa thupi kungopitirira pang'ono, ndipo ali ndi matumba a mazira awiri, lina loloza kumutu lina kumchira. Wa Pratylenchus potulukira mazira pali cha kumchira, pamene pathera magawo atatu mwa anayi a thupi kapena kupitirira, thumba la mazira logwira ntchito ndi limodzi. Timaonanso timatumba ta kummero timene timaphimba poyambira matumbo, kwa Radopholus timadzera kumsana, kwa Pratylenchus timadzera kumimba. Ndipo chimene chimandisangalatsa ine nthawi zonse ndi wamwamuna wa Radopholus, ndi wosiyana kwambiri ndi mkazi wake moti woyamba kumene amayesa ndi mtundu wina, mutu wake ndi wotukuka, kasingano kake nkofooka koti sikaboola kanthu, sadya mizu. Ukangomuona yekhayo mu mbale umadziwiratu kuti Radopholus alimo. Wa Pratylenchus mwamuna ndi mkazi mitu yawo ndi yofanana, yaphwatalala.

Awiriwa ali m'banja limodzi la Pratylenchidae nchifukwa chake amafanana zochita. Helicotylenchus ndi Rotylenchulus ali mu Hoplolaimidae, Meloidogyne ali kwake. Kufika pa gulu sikuvuta kwa munthu wozolowera. Kufika pa mtundu weniweni nde ntchito, pamafunika kukuza mpaka ka 1,000 nkumayeza kutalika kwa thupi, kwa kasingano, kwa mchira. Mwachitsanzo coffeae ali ndi timizere tiwiri pamlomo pomwe goodeyi ali ndi tinayi, ndipo michira yawo ndi yosiyana. Kwa Meloidogyne, kuti udziwe ngati ndi incognita, javanica kapena arenaria umadula kumbuyo kwa wamkazi nkuona mmene timizere ta pakhungu tayendera, koma njira imeneyi imanamiza nthawi zina nde masiku ano amawonjezera kuyeza ma enzyme kapena DNA. DNA yo amaichulukitsa nkuwerenga zigawo zake zina. Kufunika kwake kunaoneka mu 2012 pamene nematodi wina wa mu nthochi zophika ku Ghana, amene pa maikulosikopu amangooneka ngati coffeae, anapezeka kuti ndi mtundu wina nkumutcha Pratylenchus speijeri.

Koma inu ngati mlimi simukufunika kufika konseko. Apempheni akuuzeni magulu amene apezeka ndi kuchuluka kwa lililonse pa magalamu 100 a mizu, kumtunda ndi kumunsi padera. Zimenezo zikukwanirani kupanga chiganizo.

Mnyamata_waLuchenza

Koma abale zonsezi sikuchedwa? Bwanji osangogula mankhwala aja a timibulu othira pachitsa ngati Furadan, amapha onse kaya ndi mtundu wanji ndi nankafumbwe yemwe. Munthu mikoko ikugwa panopa.

Mayi_Mlangizi

Mwana wanga wa ku Luchenza ayi, zimenezo ndikana. Furadan ndi carbofuran, poizoni woopsa kwa munthu, nkhuku, mbalame ndi nsomba, maiko ambiri analetsa. Munda wa bambowa uli pamtsetse, mayi akulima ndiwo momwemo, mvula ikagwa madzi akupita kudambo kumene anthu amatunga. Komanso mankhwala amenewa samaliza manematodi, amangowachepetsa miyezi yowerengeka kenako abwereranso nde uzingogula. Ku Costa Rica ndi Nicaragua anthu ambirimbiri ogwira ntchito m'minda ya nthochi anasiya kubereka chifukwa cha mankhwala a manematodi otchedwa DBCP m'zaka za m'ma 1970, mpaka lero mabanja akulirabe. Si zinthu zoseweretsa.

Bambo a ku Thekerani, za panopa chirikizani nthochi zonse zimene zili ndi mikoko ndi nsungwi kapena mphanda, lero lomwe, mupulumutse zimene zatsala. Thirani manyowa okwanira nkuphimbira pansi ndi mapesi, udzu kapena masamba a deliya. Izi sizipha manematodi onse koma nthochi imatulutsa mizu yatsopano msanga kuposa mmene akuidyera nde imaima. Patulirani ana, pa phando pasakhale gulu. Zakugwazo zulani ndi chitsa chonse muziduledule ziume padzuwa, mukasiya m'munda ndi nyumba ya nankafumbwe.

Koma nkhani yaikulu ndi mbewu. Ana aja munatenga ndi mizu ndi dothi ndi njira yeniyeni imene Radopholus amayendera. Mwana aliyense musanadzale chotsani mizu yonse, sendani chitsa ndi mpeni mpaka patsale poyera popanda kadontho kakuda kapena kofiira. Chimene madontho ake akulowabe mkati olo musende, tayani musachimvere chisoni. Sendelani komwe mwakumbako osati m'munda watsopano, makoko ake akwirireni kutali kapena awotcheni. Mukatero viikani zitsazo m'madzi otentha madigiri 55 kwa mphindi 20, koma apa pafunika themomita chifukwa mukapyoza muphika mbewu. Opanda themomita pali njira ya madzi owira, kuviika chitsa chosendacho masekondi 30 okha nkuvuula, muzichita kuwerenga nthawi pa foni. Dziwaninso kuti madzi otenthawa sachiza chisaka, kachilombo ka chisaka kali m'thupi lonse la nthochi nde mwana wochokera pa phando lodwala ndi wodwala basi.

Ya m'machubu ija imabwera yoyera koma mukaiika m'dothi limene muli manematodi imagwidwa msanga poti mizu yake ndi yanthete. Nde mbali imene yaonongeka kwambiri ndi bwino kuzula zonse, osasiya olo kachitsa kamodzi kophukira, pakhale miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka popanda nthochi. Akakupezerani kuti wamkulu ndi Radopholus chinangwa chimathandiza pamenepo. Kumunsi kwa zotupa kuja musaikeko tomato, therere kapena fodya, ikani udzu, chomera chotchedwa Crotalaria kapena maluwa a marigold. Ndipo poti kwanuko nkotsetsereka konzani akalozera ndi vetiva kuti madzi ochokera kodwalako asamakokolole dothi kupita nalo kwabwino, makasu nawonso muzigwedeza dothi ndi kutsuka musanasinthe mbali.

Mlimi_waThekerani

Mayi zikomo, nsungwi tayamba kale kudula ndi ana. Sampulo ndikumba Lolemba mmawa kuti ndinyamuke nazo tsiku lomwelo. Funso lomaliza, ndili ndi kamalo kena kumtunda kumene kunali chimanga sikunakhalepo nthochi. Ndingatenge ana a m'munda mwanga momwemu nkusenda ndi kuviika mmene mwaneneramo, kapena ndisayerekeze ndikagule ina?

Mayi_Mlangizi

Mutha kutenga bambo, bola musankhe pa mapando amene sanagwepo ndipo alibe chizindikiro chilichonse cha chisaka, ana a masamba osongoka aja osati a masamba otambalala. Sendani, viikani, dzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake, m'dzenje muli manyowa owola bwino. Mukapeza ya m'machubu ikaninso komweko koma mzere wake padera kuti muzitha kufananiza. Ndipo popita ku Bvumbwe kuja tengani jumbo yachitatu ya dothi la kamalo kachimangako, chimanga nachonso chimasunga manematodi ena a Pratylenchus nde akuyezereni musanakumbe mayenje.